Soya safuna urea, amafuna inokulanti

Alimi anzanga amene mukudzala soya chaka chino, musataye ndalama pa urea. Gulani kapaketi ka inokulanti basi. Mmenemo muli tizilombo ta m'nthaka totchedwa Bradyrhizobium japonicum, timene timakhala m'mizu ya soya n'kumakoka nayitrojeni mumpweya kuti chomera chidye, chakudya chomwecho chimene urea amapereka.

Nyowetsani mbewu ndi madzi a shuga pang'ono kuti ufa wakuda wa inokulantiwo umatirire, sakanizani pamthunzi, ndipo dzalani tsiku lomwelo nthaka ili ndi chinyezi. Dzuwa limapha tizilomboti msanga, choncho mbewu yosakanizayo musaiyanike pamtetete, ndipo paketi musaisunge potentha.

Soya akayamba maluwa, zulani chomera chimodzi, mudule timibulu ta kumizu. Mkati mukakhala mofiirira, tizilomboto tili pa ntchito. Koma feteleza wa fosifeti musamusiye, timibuluto timamufuna kuti tikule.