Mizere ya anzanu pa chipale sikutanthauza kuti mpabwino

Nyengo yozizira ino ndatopa nako kumva mawu akuti "anthu adutsapo kale". Mphepo yaomba masiku angapo, kenako kwacha bwino kumwamba kuli mbee, aliyense wanyamula ma ski, timatabwa totsetserekera pa chipale chofewa (snow), ulendo wa ku mapiri a Cairngorms, akafika kumakwalala akutali ndi malo okonzedwa aja angoona mizere ya anzawo pa chipale basi mtima m'malo, nawonso tsetsereku. Ayi anzanga, mizere ija ikungokuuzani kuti amene anatsogolawo anachita mwayi kuti avalanche, kugumuka kwa chipale paphiri, sinawakokolole, palibenso china.

Kuno ku Scotland chimene chimatipweteka kwenikweni ndi mphepo. Kawirikawiri imachokera kumwera chakumadzulo, ndiye imasesa chipale mbali imodzi ya phiri n'kukachiunjika mbali yobisika ija, yoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa. Chikaunjikana choncho chimagwirana n'kukhala chigulumwa chimodzi cholimba, pamwamba posalala pokongola, pomwe pansi pake pali chipale chakale chosagwirana kapena ayezi woterera. Zili ngati kuyala lata pamwamba pa nyemba zouma pamalo otsetsereka, lingokhala phee kudikira woliponda.

Tsono chimene anthu simufuna kumva ndi ichi, chigulumwacho sichikhala chofanana paliponse. Pena chakhuthala, pena chapyapyala, makamaka pafupi ndi miyala kapena pamene phiri lapindika kuyamba kutsetsereka kwambiri. Woyamba wadutsa pokhuthala, wachiwiri chimodzimodzi, kulemera kwawo sikunafike pansi pofooka paja. Inu mwakhota pang'ono chabe, mwaponda popyapyala, mng'alu wathamanga kudula phiri lonse pamwamba panu ndipo mukupita nacho limodzi ndi mizere ya anzanu ija. Ambiri amene amafa ndi avalanche amakhala ayambitsa okha kapena mnzawo wa gulu lomwelo, sikuti chimangowagwera kuchokera kumwamba ayi. Ndipo malo ake ndi omwewo amene mumawakonda, otsetsereka madigiri 30 mpaka 45.

Ena amati mapiri a kuno ndi aang'ono, zoterezi n'za ku mapiri akuluakulu a Alps. Eti? Mu January 2013 anthu anayi anafera pa Bidean nam Bian ku Glencoe, February chaka chomwecho atatu anakwiriridwa ku Chalamain Gap, mu March 2019 atatu ena pa Ben Nevis. Ku Chalamain Gap kuja ndi kampata chabe, koma malo okumbika ngati amenewo ndiye oipa chifukwa chipale chonse chimadzathera pamodzi, munthu amakwiririka mozama.

Bambo wina woweta nkhosa cha kumunsi kwa mapiriwa anandiseka nditamufotokozera zimenezi, akuti iye sanaphunzirepo za avalanche koma mphepo ikangoleka amadziwa kokayang'ana nkhosa zake, kuseri kwa mpanda wa miyala komwe zinakabisala, chifukwa n'komwenso chipale chaunjikana. Amayenda ndi ndodo yaitali akubaya pansi, galu akununkhiza, ndipo akuti nkhosa ina amaipeza yamoyo patapita masiku. Ndiye anandifunsa kuti anthu ophunzira inu mumathamangiranji kumene nkhosa zanga zimakwiririka? Ndinalibe yankho. Koma munthu si nkhosa, nkhosa ija chipale chinaikuta pang'onopang'ono ili ndi mpata wopuma, pomwe chipale chogumuka chikaima chimauma gwa, simungasunthe ngakhale dzanja. Akakufukulani mphindi 15 zisanathe mwayi ulipo waukulu ndithu, ikadutsa theka la ola ambiri amakhala atapita kale. A Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, pofika ndi helikopita nthawi imeneyo yatha, amene angakupulumutseni ndi mnzanu amene muli naye pompo.

Chimandinyansanso ndi chizolowezi chongoyang'ana nambala. A SAIS, bungwe lochenjeza za avalanche kuno ku Scotland, amatulutsa malipoti tsiku lililonse nyengo yozizira, a Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Torridon ndi mbali ziwiri za Cairngorms, mlingo wa kuopsa kwake 1 mpaka 5. Munthu aona 3 akuti ndi pakatikati tiyeni, osadziwa kuti pa 3 pomwepo ndi pamene anthu ambiri amafera, chifukwa pa 4 aliyense amachita mantha n'kukhala kunyumba. Kachithunzi kozungulira ka m'lipotimo kosonyeza mbali ya phiri ndi kutalika komwe kuli koopsa sakuyang'anako n'komwe.

Zochita mukuzidziwa kale. Werengani lipoti lonse, muonenso kumene mphepo yakhala ikuchokera masiku apitawa. Transceiver, chipangizo chothandiza anzanu kukupezani mukakwiririka, ikhale pathupi yoyatsa osati m'chikwama, fosholo ndi ndodo yobayira pofufuza wokwiririka aliyense yake. Mukamva chipale chikuti fuu pansi pa mapazi kapena ming'alu ikuthamanga kutsogolo kwa ski, bwererani. Potsetsereka muzidutsa mmodzimmodzi ena akuyang'ana ali pabwino. Zikavuta imbani 999, munene Police kenako Mountain Rescue, koma kukumba muyambe musanadikire aliyense.