Momwe Mungayezere Kukhwima kwa Chikhalidwe cha Chitetezo Pantchito

Chiwerengero cha ngozi pachokha sichingakuuzeni ngati chitetezo chinazika mizu m'bungwe. Mu 2005, fakitale yoyenga mafuta ya kampani ya BP ku Texas City, m'dziko la America, inaphulika n'kupha anthu 15, ndipo ofufuza anapeza kuti akuluakulu ankakhulupirira kwambiri kutsika kwa chiwerengero cha ovulala, pomwe zoopsa zikuluzikulu za m'makina zinkanyalanyazidwa.

Yambani ndi kusankha muyezo. Wodziwika kwambiri ndi makwerero asanu a katswiri wa zachitetezo Patrick Hudson, amene kampani ya mafuta ya Shell inagwiritsa ntchito. Pansi penipeni pali bungwe limene limangosamala kuti lisagwidwe, ndipo lotsatira limadzidzimuka ngozi ikachitika kale. Bungwe la pa khwerero lachitatu lili ndi malamulo ndi mafomu okwanira koma limakhutira ndi mapepala, lachinayi limasaka zoopsa zisanavulaze munthu, pomwe lapamwamba limaona chitetezo ngati mbali ya kagwiridwe ka ntchito iliyonse.

Kenako funsani ogwira ntchito popanda kulemba mayina awo, mwachitsanzo pogwiritsa ntchito NOSACQ-50, yomwe ndi mafunso 50 okonzedwa ndi akatswiri a kumpoto kwa Ulaya. Musasakanize mayankho onse n'kupeza nambala imodzi. Ikani padera mayankho a mabwana, a akapitawo, a ogwira ntchito usiku ndi a makontrakitala, chifukwa mabwana akamadziika pa khwerero lachinayi pomwe anthu a pamakina akulozera lachiwiri, kusiyana kumeneko ndiko chinthu choyamba chofunika kuchifufuza.

Umboni umene ine ndimaudalira kwambiri ndi mmene uthenga woipa umayendera. Tsegulani buku la malipoti a ngozi zimene zikanachitika koma anthu anapulumuka, ndipo mutsate malipoti angapo mpaka kumapeto: anayankhidwa patapita masiku angati, chinakonzedwa n'chiyani, ndipo wonenayo anathokozedwa kapena anadzudzulidwa? Buku lopanda kanthu lisakusangalatseni, pakuti kawirikawiri limasonyeza kuti anthu akuopa kulankhula kapena anatopa ndi kusayankhidwa. Funsaninso ngati wantchito wamba anaimitsapo ntchito chifukwa choona choopsa, ndi zimene zinamuchitikira pambuyo pake.

Pitani nokha pamalo ogwirira ntchito nthawi imene ntchito yapanikiza, osati tsiku lokonzekera alendo. Dipatimenti iliyonse muipatse khwerero lake, muuze ogwira ntchito zotsatira zake, ndipo mudzabwereze kuyeza ndi mafunso omwewo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.