Mmene mungachotsere mungu, utomoni ndi zitosi pa galimoto osawononga penti

Kuno ku Mulanje mthunzi timaukonda. Mukafika pa Chitakale kapena pa Boma masana a mwezi wa Okutobala, mudzaona madalaivala akuzungulirazungulira, aliyense kufuna pansi pa mtengo. Nanenso ndinali choncho, mpaka chaka china m'nyengo ya chiperoni pamene ndinasiya galimoto yanga pansi pa mtengo wa mango kwa masabata awiri, ine ndili ku maliro kumudzi. Mangowo anali pa maluwa. Pobwera ndinapeza denga ndi boneti zili mbuu, ndipo ukagwira, dzanja limamata ngati wagwira manyuchi. Ndinatenga kansanza kouma ndi kuyamba kupukuta mwamphamvu. Mawa lake dzuwa litawala, boneti yonse inali timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Timizereto sitinachoke ndi madzi. Tinachoka ndi ndalama, kwa anthu opopera penti ku Limbe.

Chimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi chimene nkhani yonseyi yatsamirapo: madzi ayambe, nsalu ibwere pambuyo.

Penti wa magalimoto ambiri amene timagula ochokera ku Japan, kaya ndi Sienta, Vitz kapena Probox, ali ndi kachikopa koonekera mkati pamwamba pake, kamene opopera penti amakatcha clear coat. Kachikopa kameneka ndi kamene kamawalitsa galimoto, koma ndi kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Mungu ukakhala wouma, makamaka utasakanikirana ndi fumbi la katondo la m'misewu ya m'maesiteti, umakanda ngati mchenga mukaukhuza ndi nsalu. Ukanyowa ndi mame kapena chiperoni umaphulika ndi kutulutsa timadzi towawasa timene timadya kachikopako pang'onopang'ono. Kwathu kuno ndiye kovuta, chifukwa usiku kumanyowa, masana dzuwa nkudzaumitsa, mawa chimodzimodzi. Kamvula kowaza kaja sikatsuka galimoto ayi, kamangokanda phala pamwamba pa penti.

Yambani ndi kuichotsa pansi pa mtengo

Isunthireni pamthunzi wa nyumba kapena wa malata. Gwirani boneti ndi kuseri kwa dzanja. Ngati ikutentha, dikirani. Sopo amaumira pa penti wotentha musanatsukuluze, nkusiya mawanga ena atsopano. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo.

Tolani zinyalala ndi manja

Masamba, timitengo, maluwa ndi makoko a bulugamu zitoleni ndi zala, osati kusesa ndi tsache kapena kuzikankha ndi chikhatho. Kenako tsegulani boneti muyang'ane kangalande kamene kali m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamene pamagona mawaipa. Anthu ambiri malo amenewa sawadziwa nkomwe. Kumapeto kwake, mbali zonse ziwiri, kuli timabowo totulutsa madzi a mvula. Masamba a paini, aja onga singano, ndi timasamba ta jakaranda amalowa m'menemo nkuwolerana mpaka kusanduka manyowa. Timabowo tikatsekeka, madzi amasowa kolowera, ndiye amatsikira m'kati mwa galimoto. Mukamva kapeti ya kumapazi ikununkha chinyezi mu Januwale, kawirikawiri gwero lake ndi pamenepa. Ndinatulutsapo manyowa odzadza manja awiri, muli ndi kambewu katamera kale.

Thirani botolo limodzi la madzi m'kangalandeko. Akatulukira pansi kuseri kwa tayala lakutsogolo, zili bwino. Chitaninso chimodzimodzi m'mphepete mwa chitseko cha kumbuyo ndi pa kachitseko ka mafuta. Dzimbiri limayambira m'malo obisika ngati amenewa, pamene masamba onyowa amakhalitsa.

Madzi okhaokha

Apa musaumire. Thirani madzi ambiri kuyambira padenga kutsika m'munsi, osagwira galimoto ndi kalikonse. Ngati muli ndi paipi, bwino. Ngati mulibe, ndowa zitatu kapena zinayi ndi kapu zikwana. Muona madzi achikasu kapena ofiirira akutsetsereka, ndiwo mungu ndi fumbi zija zikanakanda penti. Siyani kanthawi kuti zomata zifewe, nkuthiranso.

Zokatsukira galimoto mumtsinje, kaya ndi Likhubula kaya Ruo, ine sindigwirizana nazo. Madzi otunga m'mbali mwa mtsinje amabwera ndi mchenga, komanso sopo ndi mafuta zimapita kwa anzathu akumunsi amene amamwa ndi kuchapira madzi omwewo.

Ndowa ziwiri ndi sopo woyenera

Ndowa imodzi ikhale ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera. Viikani nsalu m'sopo, sambitsani mbali imodzi ya denga, itsukuluzeni m'madzi oyera aja, kenako nkubwereranso ku sopo. Mukamaliza, suzumirani pansi pa ndowa yachiwiriyo muone matope ake. Mukanakhala ndi ndowa imodzi, matope onsewo akanabwerera pa penti.

Gwiritsani ntchito shampu wa galimoto, amene amapezeka m'masitolo a zipangizo za magalimoto ndi m'mafilingisiteshoni ena. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi sopo wamadzi wotsukira mbale amayeretsa ndithu, koma amasukulanso polishi yense amene amateteza penti, ndipo mukazolowera mudzaona galimoto ikuthima mtundu. Nsalu yabwino ndi yofewa ija ya microfibre. Malaya akutha okhala ndi mabatani, chiguduli kapena siponji imene yagwera pansi, ayi. Yendetsani dzanja molunjika, kutsogolo ndi kumbuyo, osati mozungulira, ndipo musadinikize. Matayala ndi m'munsi mwa zitseko zikhale zomalizira, ndi nsalu yakeyake.

Ngati mumapereka galimoto kwa anyamata otsuka, auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, yambani mwathira madzi kaye, nsaluyo pambuyo." Ambiri amamva, makamaka mukawabweretsera shampu ndi nsalu zanu.

Zimene zakana kuchoka

Apa mpamene pamafunika mtima wodekha, chifukwa dontho lililonse lili ndi mankhwala ake.

Zitosi za mbalame ndi za mileme ndizo zachangu kuwononga. Zili ndi asidi, ndipo kawirikawiri mumakhala timchenga kapena njere za nkhuyu. Padzuwa la chilimwe, tsiku limodzi kapena awiri ndi okwanira kusiya chipsera. Musazikande ndi chikhadabo. Nyowetsani nsalu kapena tishu ndi madzi ofunda, yalani pamwamba pa chitosicho, dikirani mphindi 5 kapena 10, kenako nyamulani ngati mukutola, osati kufikisa. Chikakanira, bwerezani. Timadontho tachikasu tating'ono ngati mutu wa singano nthawi zambiri timakhala zitosi za njuchi, ndipo timachoka mwa njira yomweyi.

Zomatamata za pansi pa mango, zimene zinandipusitsa ine zija, kwenikweni si utomoni wa mtengo. Ndi timadzi totsekemera timene timatuluka m'tizilombo toyamwa masamba ndi maluwa. Tikakhalitsa timamera chuku chakuda, chija mumachiona pa masamba a mango chili bii ngati mwaye. Ubwino wake ndi wakuti timasungunuka ndi madzi ofunda a shampu. Vuto limangobwera mukazengereza.

Utomoni weniweni, monga wa paini, ndi nkhani ina. Umagwa ngati dontho la uchi, ukauma umalimba ngati galasi, ndipo madzi saudziwa. Pamafunika sipiriti, kapena sanitaiza wa m'manja uja tinazolowera nthawi ya Covid-19, chifukwa muli mowa umene umasungunula utomoni. Yesani kaye pamalo obisika, monga m'mphepete mwa chitseko chakumkati, makamaka ngati galimotoyo inapoperedwapo penti wina. Donthezani pang'ono pansalu, gwirizizani pa utomonipo kwa theka la mphindi, nkupukuta mofatsa. Pindani nsalu kuti mbali yoyera ndiyo igwire ntchito, bwerezani mpaka dontholo litatha, ndipo tsukani malowo ndi shampu nthawi yomweyo. Parafini pang'ono amathandizanso, makamaka pa phula la mumsewu, bola mutsukepo bwinobwino pambuyo pake. Koma thina (mankhwala osungunulira penti aja), mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, lezala ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire penti. Zimachotsa utomoni pamodzi ndi kachikopa komwe. Lezala ntchito yake ndi pagalasi pokha, galasilo litanyowa, lezalayo mutaigoneka chopendeka.

Maluwa a jakaranda amene amayoyoka mu Seputembala ndi Okutobala, komanso masamba onyowa a bulugamu, amasiya chithunzi chawo chofiirira pa penti, makamaka woyera. Ife a kudera la tiyi sitingadabwe nazo. Chimene chimadetsa m'kati mwa kapu ya tiyi ndi chomwechonso chili m'masamba ambiri a mitengo. Banga lotere likakhala latsopano limachoka ndi shampu. Lakale limafuna polishi wosalalitsa, wopaka ndi dzanja pang'onopang'ono. Mukayendetsa chikhadabo mopepuka nkumva kuti pali kadzenje, ndiye kuti asidi analowa kale. Pamenepo lekani, kaonaneni ndi odziwa kupukuta ndi makina, chifukwa mukalimbikira nokha mubowola kachikopako.

Kuumitsa ndi kupaka polishi

Tsukuluzani komaliza ndipo pukutani msanga ndi nsalu ina youma yofewa. Madzi a pamjigo akaumira okha amasiya timawanga toyera. Kenako valani jumbo yopyapyala m'dzanja nkusisita boneti mopepuka. Ngati mukumva tokhakhala ngati mchenga, pali zotsalira zimene zakanirira. Chochotsera zake ndi clay bar, kanthu kofewa konga dongo kamene mumatsetsereka nako pa penti wonyowa ndi madzi a shampu. Kuno sikapezeka wamba, koma amene amapita ku Blantyre angathe kufunsa m'masitolo a zamagalimoto.

Mukatero pakani polishi woteteza, amene pachitini pake pamalembedwa kuti wax. Pakani wochepa kwambiri, dikirani achite mbuu, nkupukuta mpaka pawale. Polishi ameneyu ndiye amalandira nkhonya m'malo mwa penti, ndipo utomoni sugwira mwamphamvu pamene iye alipo. Amatha pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ndi mvula ya kuno mwina msangako. Kudziwa kwake nkosavuta: madzi akasiya kupanga timikanda pa boneti nkumangoyala, nthawi yakwana. Ine ndimaonetsetsa kuti ndapaka chiperoni chisanayambe cha mu Meyi, mango asanafike pachimake cha maluwa, ndiponso mvula yoyamba isanagwe.

Musaiwale mawaipa. Pukutani mphira zake ndi nsalu yonyowa, apo ayi zimapaka mungu pagalasi ndipo usiku magetsi a galimoto zobwera amakuthobwani m'maso pa makhotakhota a ku Thyolo aja. Ngati mumayetsemula mukayatsa fani, onani fyuluta ya mpweya wa m'kati, imene pa magalimoto ambiri a Toyota imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa wokwera.

Za poimika

Sindikunena kuti dulani mitengo, Mulanje wataya kale mitengo yokwanira. Kungoti mtengo umene uli pa maluwa, umene ukugwetsa zipatso, kapena umene pansi pake pali mbee ndi zitosi, upatseni mpata. Yang'anani pansi musanazimitse injini, nthaka imakuuzani chimene chigwere padenga lanu. Kunyumba, kashedi ka mapolo anayi ndi malata ochepa kamaposa mtengo uliwonse. Chinsalu chofunditsa galimoto ndi chabwino pokhapokha galimotoyo ili yoyera ndi youma. Mukafunditsa ili ndi fumbi, mphepo yotsika m'phiri imachigwedeza usiku wonse, nkumakhuza penti ndi fumbi lomwelo.

M'nyengo ya mungu thirani madzi okha masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo sambitsani ndi shampu kamodzi pa sabata. M'buti mwanga simusowa botolo la malita 2 la madzi, kansalu kofewa m'jumbo yake kuti kasatole mchenga, ndi kabotolo ka sanitaiza. Chitosi chikagwa ndili pa msika wa Limbuli, ndimachinyowetsa pomwepo, nkukagula nanazi, ndipo pobwera ndimangochinyamula.