Kusankha chingwe chowedzera walleye ndi jig

Walleye ndi nsomba ya m'nyanja ndi m'mitsinje ya ku Canada ndi kumpoto kwa United States, ndipo imakonda kukhala pansi penipeni, pamiyala kapena pamchenga. Asodzi akumeneko amaiwedza ndi jig, mbedza ya mutu wa mtovu yomwe amaitsitsa mpaka pansi, n'kumaikweza pang'ono ndi kuisiya kuti igwenso. Nsombayi imadya jig ikamagwa, ndipo imadya mwaulemu: m'dzanja mumangomva kuti go kamodzi, kapena chingwe chimangopepuka. Choncho chingwe musachisankhe poganizira kukula kwa nsomba. Onani kulemera kwa jig, kuya kwa madzi ndi liwiro lake.

Mphamvu ya chingwe amailemba m'mapaundi. Mapaundi 6 ndi makilogalamu pafupifupi 2.7, mapaundi 8 ndi 3.6, mapaundi 10 ndi 4.5.

M'madzi osapitirira mamita 5, ndi jig ya magalamu 3.5 mpaka 7, nayiloni ya mapaundi 6 imakwana. Pamiyala kwerani kufika pa 8. Nayiloni yoposa apa imakhala yonenepa, madzi amaikankha n'kuipinda ngati uta, jig imachoka pansi inu osadziwa, ndipo nsomba ikadya simumva kanthu. Komanso nayiloni imatamuka, ndiye chingwe chikatalika kugogoda kuja kumathera m'njira.

Ndi chifukwa chake pamadzi akuya kapena othamanga timalimbikitsa chingwe cholukidwa, cha braid, cha mapaundi 8 kapena 10. Sichitamuka kwenikweni, ndipo cha mapaundi 10 n'chowonda kuposa nayiloni ya mapaundi 6. Mu mtsinje wa Detroit, womwe uli pamalire a United States ndi Canada, walleye zikamakwera kuchokera m'nyanja ya Erie nyengo yozizira ikatha, asodzi amatsitsa jig ya magalamu 14 mpaka 28 bwato likutsetsereka ndi madzi, ndipo luso lonse lili pa kusunga chingwe chili chilili. Chikayamba kupendekeka, wonjezerani kulemera kwa jig kapena ikani chingwe chowonda. Gulani chamtundu wowala, monga chachikasu, kuti chikanjenjemera muchione.

Braid musaimange mwachindunji ku jig. Imaoneka m'madzi oyera ndipo imatha msanga ikakhuzika pamwala. Lumikizani kumapeto kwake chidutswa cha fluorocarbon (chingwe chonga nayiloni chomwe sichioneka kwenikweni m'madzi) cha mapaundi 8, chotalika masentimita 60 mpaka mita imodzi, kapena mita ndi theka ngati madzi ali mbee. Kupatula pamalo a zodula chingwe zomwe tinene pansipa, chidutswachi chisapose chingwe chachikulu mphamvu, kuti jig ikakodwa pamwala mutaye jig yokha. Polumikiza zingwe ziwirizi, mfundo yotchedwa double uni imagwira bwino: braid muizungulize kasanu ndi katatu poti imaterera, fluorocarbon kasanu. Nyowetsani mfundoyo ndi malovu musanaikoke, apo ayi fluorocarbon imatentha n'kufooka pomwepo.

Mano a walleye ndi osongoka koma otalikirana, sadula chingwe kawirikawiri. Zodula chingwe ndi ziwiri. Choyamba ndi tinkhono ta zebra mussel tomwe tadzaza pamiyala ya m'nyanja ya Erie. Pamenepo ikani fluorocarbon ya mapaundi 10 kapena 12, ndipo mukavuula nsomba iliyonse sisitani ndi zala masentimita 30 omaliza. Pakakhala pokhakhala, dulani, mangani mwatsopano. Chachiwiri ndi pike, nsomba ya mano akuthwa. Kumene pike zili zambiri, fluorocarbon ya mapaundi 15 mpaka 20 imapulumutsako ma jig. Waya umateteza kwambiri, koma umaumitsa kavinidwe ka jig.

Chingwe chowonda chimafuna buleki yabwino pa chokulungira. Imangeni kuti chingwe chiziyamba kutuluka chikakokedwa ndi mphamvu yosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe chomwe chili chofooka pa ziwirizo. Pa braid musakoke ndi mkono wonse nsomba ikadya, chifukwa mbedza imang'amba mlomo. Kugwedeza dzanja kamodzi n'kokwanira, makamaka ndodo ikakhala ya nsonga yofewa. Musanakulunge braid, yambani ndi mamita ochepa a nayiloni pansi pake, kuopa kuti ingamaterereke pachokulungira.

Powedza pabowo loboola pa ayezi nyanja ikaundana ndi kuzizira, braid wamba imamwa madzi n'kuuma gwa. Pamenepo bwererani ku nayiloni kapena fluorocarbon ya mapaundi 6.