Momwe mungaonere mbalame za kugombe la nyanja yamchere pamodzi ndi gulu

Pezani gulu. M'maiko ambiri muli mabungwe ogwirizana ndi BirdLife International, bungwe loteteza mbalame padziko lonse, ndipo magulu ang'onoang'ono amalengeza maulendo awo pa Facebook kapena WhatsApp. Lemberani wotsogolera, mumuuze kuti ndinu woyamba kumene. Palibe chochitira manyazi, chifukwa anthu oonera mbalame amakonda kufunsidwa, mwina mopitirira muyezo.

Dziwani nthawi ya madzi. Ulendo wonse wagona apa. M'malo ambiri nyanja imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamadutsa pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25. N'chifukwa chake nthawi yabwino imachedwerako ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Madzi akaphwera, matope amayalika mpaka kutali, mbalame n'kumwazikana, inu n'kumangoona timadontho. Fikani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti madzi adzaze, mupeze pokhala, mudikire. Madzi akamakwera amazikusa pang'onopang'ono kubwera nazo kwa inu, zikudya, osadziwa n'komwe kuti mulipo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene madzi amakwera kwambiri, ndipo mbalame zimaunjikana pa timalo touma tochepa totsala. Ndandanda ya nthawi ya madzi imapezeka pa intaneti, koma wotsogolera ndiye amadziwa malo amene amamira msanga.

Zonyamula. Mabainokyula olembedwa kuti 8x42 (okulitsa chinthu kasanu n'katatu) ndi okwanira. Musathamangire kugula telesikopu. Pagulu sipalephera wina wobwera nayo. Valani zosawala, chipewa, ndi nsapato zoti zikalowa m'matope simudandaula. Imani moti dzuwa likhale kumbuyo kwanu, apo ayi mbalame iliyonse idzaoneka yakuda bii.

Musayambire pa mtundu wa nthenga. Ikapita nyengo yoswana, zambiri mwa mbalamezi zimangokhala zotuwa, zofanana zedi. Yang'anani mulomo kaye: ndi wautali kapena waufupi, woongoka kapena wopindika? Kenako miyendo. Kenako kadyedwe, komwe sikanama. Whimbrel ili ndi mulomo wopindikira pansi, umene imasololera tinkhanu m'maenje. Sanderling imathamangira funde likamabwerera, n'kuthawanso likamabwera, timiyendo tikuyenda mwaliwiro moti sitioneka. Turnstone imalowetsa mulomo pansi pa kamwala kapena ndere n'kugadabuza. Ma plover amasaka ndi maso: kuthamanga, kuima njii, kujompha, kuthamanganso. Mukagwira zinayi zimenezi pa ulendo woyamba, mwachita bwino. Wina akaloza mbalame, mufunseni chimene waidziwira, musangolemba dzina.

Werengani, lembani. Gulu la mbalame likakula, werengani khumi, muone kukula kwa malo amene khumiwo atenga, kenako muziyerekeza makumimakumi mpaka kumapeto. Anthu awiri awerenge payekhapayekha, afananitse. Zomwe mwapeza mutha kuziika pa eBird, nkhokwe ya pa intaneti yolembamo mbalame zimene anthu aona, ya bungwe lofufuza za mbalame la Cornell Lab of Ornithology, yomwe inayamba mu 2002. Mukaona mbalame yovala mphete kapena kambendera kumwendo, lembani mtundu wake, zilembo zake, komanso mwendo umene kali, kumanja kapena kumanzere, pamwamba kapena pansi. Ofufuza amadziwira pamenepo kumene mbalameyo yadutsa. Magulu ambiri amatenganso mbali pa kalembera wa mbalame zam'madzi wa mu Januwale, wotsogoleredwa ndi bungwe loteteza madambo la Wetlands International, amene wakhala akuchitika kuyambira 1967.

Musaziulutse. Mu 2022 mbalame ina ya mtundu wa bar-tailed godwit, ya miyezi isanu yokha, inauluka kuchoka ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita oposa 13,500, kwa masiku 11 osatera. Ulendo wotere umayendera mafuta a m'thupi amene mbalame imasonkhanitsa podya m'matope momwemo. Mukaiulutsa chifukwa chofuna chithunzi chapafupi, mwaidyera kamba wapaulendo. Kwa ine, chithunzi chotero n'chosanyaditsa. Mbalame zikasiya kudya n'kutukula mitu zonse pamodzi, mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Galu asiyeni kunyumba.

Nyengo yoswana samalani popondapo. Ma plover amaikira mazira pamchenga penipeni, m'kadzenje kosaya, ndipo mazirawo amafanana ndi timiyala. Mukaona ina ikukwakwaza phiko ngati yathyoka, ikukunyengani kuti muchoke pa chisa chake. Chokanipo.

Nanunso dzisamaleni. Pamatope athyathyathya madzi amayamba kudzaza timakwawa ta kumbuyo kwanu inu maso ali kutsogolo, ndipo amabwera mwachangu kuposa mmene mungaganizire. Musapatuke pagulu, ndipo wotsogolera akati tibwerere, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale mbalame imene mumaifuna itangotera kumene.