Momwe mungayambire ntchito yofufuza za AI ndi moyo wa anthu muli ku Lusaka

Amene akufuna kudzakhala mphunzitsi ndi wofufuza pa yunivesite pa nkhani ya momwe AI (makina a kompyuta amene amaphunzira ndi kupanga zisankho ngati munthu) ikukhudzira anthu asadikire digiri yotchedwa dzina limenelo. Sankhani phunziro limodzi loti mukhazikikemo, kaya malamulo, filosofi kapena sayansi ya kompyuta, ndipo onsewa amaphunzitsidwa ku University of Zambia pa Great East Road. Ngati mwasankha malamulo kapena filosofi, phunziraninso masamu a ziwerengero ndi Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) pang'ono, chifukwa n'kovuta kudzudzula makina amene simudziwa momwe amaphunzirira.

Chachikulu ndi funso limene mudzafufuze pa digiri yachiwiri ndi ya PhD, ndipo funsolo lichokere kuno. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto akapempha ngongole pa foni n'kukanidwa nthawi yomweyo, kodi chamukana n'chiyani, chayang'ana mbiri iti, ndipo akadandaule kwa yani? Wofufuza wabwino amakhala pa benchi pambali pa mayiyo, namuona akudinadina foni, kenako n'kukafunsa ngati lamulo la Data Protection Act la 2021, loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, likumuteteza. Musanafunse munthu aliyense, pezani chilolezo ku komiti ya yunivesite yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, ndipo chikalata chopempha chivomerezo muchilembe m'chilankhulo chimene wofunsidwayo amamva.

Werengani ntchito ya Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru ya 2018, imene inaonetsa kuti mapulogalamu ena oyang'ana nkhope kuti adziwe ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa amayi a khungu lakuda, pomwe pa amuna a khungu loyera sankafika ngakhale 1 peresenti. Phindu lake lagona pa njira: anayeza, nalemba ziwerengero zimene makampani sakanatha kuzikana. Dziwaninso malangizo a bungwe la UNESCO a 2021 okhudza kagwiritsidwe ntchito koyenera ka AI ndi ndondomeko ya AI imene boma la Zambia linakhazikitsa mu 2024, ngakhale kuti kungobwereza mawu a zikalatazi si kafukufuku ayi.

Pa yunivesite amakuyezani ndi zimene mwasindikiza, choncho lembani limodzi ndi amene akukuyang'anirani pa kafukufuku, ndipo yesani kutumiza pepala ku msonkhano wa FAccT, wa ofufuza za chilungamo pa ntchito za AI. Anzanu ogwira nawo ntchito mudzawapeza ku Deep Learning Indaba, msonkhano wa ofufuza za AI a mu Africa umene unayamba ku Johannesburg mu 2017, komanso m'gulu la Masakhane, limene limagwira ntchito pa zilankhulo za mu Africa ndipo limalandira ngakhale amene sanamalize digiri yachiwiri.