Mmene mungakhazikikire mumzinda wa London mukapita kukaphunzira kuyunivesite

Wophunzira wa ku Malawi amene wapeza malo pa yunivesite ya ku London amatha miyezi ingapo akulimbana ndi viza, kukayezetsa chifuwa chachikulu ndi kusonkhanitsa ndalama ya ndege, moti pofika tsiku lonyamuka amaona ngati zovuta zonse zatsala kumbuyo. Komatu masabata oyambirira mumzindawu ndi amene amasokoneza anthu ambiri, chifukwa zinthu zake zimadalirana. Banki imafuna adiresi, wolemba ntchito amafuna akaunti ya kubanki, ndipo mwini nyumba amafuna umboni woti muli m'dzikomo mololedwa. Mukayamba ndi chinthu choyenera kubwera pambuyo, mudzangozungulira m'maofesi ndalama zikutha.

Musananyamuke, onetsetsani kuti mwatsegula akaunti ya pa intaneti ya UKVI, nthambi ya boma la Britain yoona za maviza, ndipo pasipoti yanu yalumikizidwa ku akauntiyo. Makadi a BRP, oonetsa chilolezo chokhala m'dzikomo, amene ophunzira akale ankalandira anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo tsopano chilolezo chanu ndi eVisa, imene imaonedwa pa intaneti basi. M'akaunti yomweyo mumatengamo nambala yotchedwa share code, imene eni nyumba ndi olemba ntchito adzakufunseni kawirikawiri kuti aonere chilolezo chanu. Kalata ya CAS yochokera kuyunivesite, yotsimikizira kuti yakupatsani malo, ndi adiresi ya kumene mukagone usiku woyamba zikhale m'chikwama cha m'manja. Pa nkhani ya kamba wa paulendo, nyama ndi zamkaka zochokera kwathu n'zoletsedwa kulowa nazo, koma nsomba zouma monga usipa ndi utaka zimaloledwa. Ufa musavutike nawo, chifukwa umagulitsidwa m'masitolo a zakudya za ku Africa m'madera monga Peckham, Brixton ndi Woolwich. Mapulagi a magetsi a ku Britain ndi ofanana ndi athu, choncho tchaja ya foni ndi ya laputopu zidzagwira ntchito bwinobwino.

Nkhani ya nyumba ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa kuposa zonse. Ngati yunivesite yakupatsani malo m'nyumba zake zogona ophunzira, landirani malowo kwa chaka choyamba ngakhale aoneke odula, chifukwa mtengo wake nthawi zambiri umaphatikiza magetsi, madzi, intaneti ndi zotenthetsera m'chipinda, ndiponso mumakhala ndi adiresi yodalirika kuyambira tsiku loyamba. Amene amasankha kuchita lendi kwa anthu wamba amakumana ndi mavuto awiri. Loyamba n'lakuti eni nyumba ambiri amafuna munthu wokhala ku Britain komweko woti alonjeze kuti adzalipira inu mukalephera, ndipo mlendo sakhala naye munthu wotere. Funsani ku ofesi ya zogona ya yunivesite, chifukwa mayunivesite ena ali ndi njira yothandizira pa vutoli. Lachiwiri ndi mbava zimene zimaika zithunzi za zipinda zokongola pa Facebook ndi pa WhatsApp n'kumakuuzani kuti mutumize ndalama lero lomwe chifukwa ofuna chipindacho ndi ambiri. Musatumize ndalama ya chipinda chimene inu kapena munthu amene mumamukhulupirira simunalowemo. Kuli bwino kugona malo olipira patsiku kwa sabata imodzi mukufufuza.

Lamulo la ku England la 2019 limanena kuti ndalama ya chikole pa nyumba wamba isapitirire lendi ya masabata asanu, ndipo lamulo lina limati pa mgwirizano wa lendi wa masiku onse mwini nyumba ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30. Tsiku lolowa m'chipinda, jambulani makoma, kapeti, mawindo ndi chilichonse chimene mwachipeza chowonongeka, kuti potuluka asadzakuduleni ndalama pa zinthu zimene simunawononge. Dziwaninso kuti ophunzira a nthawi zonse salipira msonkho wa khonsolo wotchedwa council tax, koma khonsoloyo siingadziwe kuti ndinu wophunzira pokhapokha mutaitumizira kalata yochokera kuyunivesite.

Mukamaliza kulembetsa pasukulu, pemphani kalata yotsegulira akaunti ya kubanki yokhala ndi adiresi yanu ya ku London. Sabata yomweyo lembetsani kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kumeneko amamutcha GP. Ambiri amazengereza poganiza kuti ali bwino, n'kumadzayamba kufufuza dokotala thupi litatentha kale. Munalipira kale ndalama ya chithandizo cha NHS, bungwe la boma la zaumoyo, pamene munkapempha viza, choncho kuonana ndi GP n'kwaulere, ngakhale kuti ku England mankhwala amene wakulemberani mumalipirako ndalama yokhazikika. Ngati simunakwanitse zaka 25, funsani za katemera wa MenACWY woteteza ku matenda oumitsa khosi, amene amafala mosavuta pakati pa ophunzira okhala pamodzi. Mukadwala usiku koma moyo suli pachiswe, imbani 111, ndipo nambala ya 999 ndi ya ngozi zenizeni.

Za mayendedwe sizitenga nthawi kuzolowera. Mabasi a ku London anasiya kulandira ndalama ya m'manja mu 2014, ndipo mumalipira ndi khadi la kubanki, foni kapena khadi la Oyster. Basi ndi yotsika mtengo kuposa sitima ya pansi pa nthaka, ndipo mukasintha mabasi ola limodzi lisanathe simulipiranso. Mzindawu unagawidwa m'mazoni, ndipo chipinda chotchipa cha ku zoni 5 chikhoza kukudyerani ndalama zambiri za sitima kuposa zimene mwapulumutsa pa lendi, choncho werengerani zonse pamodzi musanasaine. Khadi la ophunzira la 18+ Student Oyster limachotsa 30 peresenti pa matikiti a sabata ndi a mwezi.

Tsopano za ntchito, pamene ndimaona kuti pali msampha waukulu kwa ife. Wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo maolawo sawerengedwa mongoyerekeza: simungagwire 30 sabata ino n'kumati sabata yamawa mugwira 10. Kudzilemba nokha ntchito n'koletsedwa, ndipo izi zikukhudza maganyu ambiri operekera zakudya panjinga, chifukwa makampani ake amakuonani ngati munthu wochita bizinesi yakeyake. Yunivesite nayo imalemba ngati mukufika m'kalasi, ndipo ili ndi udindo wodziwitsa Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, mukasowa nthawi yaitali. Abale kumudzi akamva kuti mwafika ku London amawerengera mapaundi m'makwacha, ndipo mauthenga a fizi, feteleza ndi matenda amayamba kubwera mwezi woyamba usanathe. Zosowazo ndi zenizeni, ndipo kukana kumapweteka mtima. Komabe n'kwanzeru kuwafotokozera makolo musananyamuke kuti malipiro a maola 20 amathera pa lendi ndi chakudya, n'kugwirizana za kangachepe kamene mungakwanitse, chifukwa viza ikalandidwa banja lonse limataya zimene linayembekezera. Chenjeraninso ndi anthu amene amapempha kudutsitsa ndalama mu akaunti yanu n'kukulonjezani gawo. Umenewo ndi mlandu, ndipo banki ikatseka akaunti yanu pa chifukwa chimenechi zimavuta kutsegula ina.

M'kalasi mudzapeza kuti aphunzitsi ambiri amafuna kuitanidwa ndi dzina lawo loyamba, ndipo amayembekezera kuti muzifunsa ndi kutsutsa. Kukhala chete kumene kwathu ndi ulemu, iwo amakuona ngati kusakonzekera. Pitani ku maphunziro a ku laibulale ophunzitsa katchulidwe ka mabuku amene mwagwiritsa ntchito, chifukwa kukopera mawu a wina osamutchula kumabweretsa chilango chachikulu ngakhale mutachita mosadziwa.

Chimene ambiri sakonzekera ndi mdima. Mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Jekete ya pakaunjika idzakuthandizani mu Seputembala, koma yolimba ndi nsapato zosalowa madzi mukagule kumeneko, m'masitolo a zovala zogwiritsidwapo kale ntchito a mabungwe achifundo. Bungwe la NHS limalangiza anthu a khungu lakuda kuti aganizire zomamwa vitamini D wokwana mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Anthu a mumzindawu sapatsana moni m'sitima, ndipo mnansi akhoza kukudutsani osanena kanthu popanda kukusungirani chakukhosi. Anzanu amapezeka m'magulu a ophunzira, kutchalitchi, kumzikiti ndi m'mabwalo a masewera, ndipo nthawi yabwino yolowa m'magulu amenewa ndi masabata oyamba a teremu, pamene aliyense akadali mlendo. Fufuzani Amalawi anzanu kuti muzidyera limodzi nsima, koma musalekere pomwepo, chifukwa anzanu a m'kalasi ndi amene amadziwa za mayeso ndi za ntchito zapasukulu. Mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikulowa ndipo mukuopa kutuluka m'chipinda, pitani ku ofesi ya uphungu ya yunivesite kapena kwa GP wanu. Bungwe la Samaritans, lomvetsera anthu amene asweka mtima, limayankhanso mafoni kwaulere usana ndi usiku pa 116 123.